Tenshona ikungofa pa injini ya 150, ndiikemo chiyani cholimba?

Sipanala 10, Mchesi: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi njinga ya kabaza pano, 150 ya kamu (shafti yotsegula mavavu) pamwamba, zolowera ku Dedza zija. Tayiming'i tcheni ikulira ngati wina akugwedeza misomali m'chitini, makamaka m'mawa ukangoiliza komanso ukasiya moto. Tenshona, kachitsulo kokungitsa tchenicho, ndasintha, yatsopano ya m'pepala, imangokhala chete masabata ochepa kenako phokoso labwerera. Ndaikanso ina, chimodzimodzi. Ndi ija ya sikuluu, yobweza ndi sikuludiraiva yaing'ono. Ikadali pa injini ukupeza yatuluka kale mpaka kumapeto, ukaichotsa n'kuikankha ndi chala ikulowa yokha osalimba. Mnyamata woyendetsa wayamba kunena kuti ndikumuikira zakale, pomwe njinga ndi ya bwana wake, madzulo alionse akufunika kupereka ya tsiku. Pali tenshona yolimba yomwe ingalowe pamenepa? Kapena ndingopanga manual, yochita kumanga ndi dzanja? Za mavavu musandiuze, ndatchuna kale, onse ali pa 0.05 mm.

Wowotcherera wa ku Ndirande: Manual basi amwene, musataye nthawi. Tengani thupi la tenshona yakufayo, chotsani zam'kati zonse, boolani, dulani mazinga a M8, lowetsani bawuti yaitali yokhala ndi nati yolokera. Kunsonga kwa bawutiyo muisalaze pa giraindala ikhale yozungulira kuti isadye gayidi, kanjanji kotsetserekapo tcheni. Washala wa kopa kuti oilo asadonthe. Bawuti sibwerera m'mbuyo, ilibe sipuling'i yoti ifooke. Ine ndi zomwe ndimapanga, palibe wabwerako kudzadandaula.

Madala a ku Biwi: Mwana wanga, musanathamangire ku bawuti, mwanena nokha kuti ikadali pa injini mukupeza yatuluka kale mpaka kumapeto. Pamenepo ndiye poyambira. Tenshona yatsopano pa tcheni chabwino imatuluka pang'ono chabe, imakhala ndi potsalira. Ikafika kumapeto ndiye kuti ikuthamangitsa tcheni chomwe chatha kale, ndipo kukwapula kwa tchenicho n'kumene kukuipha. Tcheni munasintha? Magayidi munawaona? Vundukulani kavala wa kamu, ikani maginito pa chizindikiro cha T, pisitoni ili pamwamba mavavu onse atatseka, muone ngati mizere ya pa sipuloketi ikugona bwino ndi mlomo wa hedi. Ikapendekera m'mbuyo, tcheni chatalika. Kenako chitsineni pamwamba pa sipuloketi muchikoke. Chikanyamuka mpaka dzino kuonekera, musavutikenso ndi tenshona.

Sipanala 10, Mchesi: Madala tcheni ndinaika chatsopano pamodzi ndi tenshona yoyamba ija. Magayidi sindinasinthe, bwana wake anakana kuti ndalama zachuluka. Ndinawasuzumira, ali ndi mizere koma sanathyoke.

Wowotcherera wa ku Ndirande: Mwaonatu, tcheni chatsopano koma phokoso lilipo. Ndi tenshona zimenezi, sipuling'i yake ndi kawaya kopyapyala, kakangotentha katha. Manual.

Wa Masipeya, Malangalanga: Chatsopano chake chotani? Ndifunse kaye, chifukwa ife ogulitsa timadziwa zomwe zili m'mashelefu. Matcheni alipo amitengo itatu, onse m'mapaketi ofanana, ena olembedwa DID pomwe sanaone n'komwe khomo la fakitale ya ku Japan. Chenicheni mukachigwira mopingasa chimakhota pang'ono, chabodza chimagwa uta. Mapini ake ndi ofewa, mwezi sutha chatalika. Komanso munawerenga malinki musanaike? Ndaonapo anyamata akunyamula tcheni chotalikirapo ndi malinki awiri chifukwa wogulitsa wati "ndi za 150 zonsezi". Chimalowa ndithu, tayiming'i imakhala ngati yatheka, koma tenshona imayambira kumapeto tsiku loyamba lomwelo. Muziyala chakale ndi chatsopano pansi, n'kuwerenga. Ndipo musasakanize cha marola cha 25H ndi chija cha timapuleti tambiri, masipuloketi ake ndi osiyana mano.

Mlongo wa ku Zolozolo: Achimwene a ku Mchesi, mizere ya pa gayidi musaipeputse. Tenshona simakankha tcheni, imakankha gayidi, ndipo gayidi ikakumbika ngalande, mtunda wonsewo tenshona iyenera kuulipira potuluka. Koma chomwe chikundiopsa ine ndi kumene kwapita zomwe zadyekazo. Chaka chatha ndinalandira njinga ya munthu wonyamula nthochi kuchokera ku Nkhata Bay, inangozima pachitunda. Titatsegula sefa ya oilo ya pansi ija, inali itatsekeka ndi tizidutswa takuda ta gayidi, ukatifinya pachala timanyenyeka. Oilo sankafikanso kumwamba. Kamu inali itasanduka yabuluu, pogona pake mu hedi patakumbika, ma rocker atadyeka mbali imodzi. Munthuyo anagula hedi yathunthu chifukwa cha gayidi yomwe mtengo wake sufika ngakhale pa tayala. Ndiye tsegulani sefa, ndipo ngati injiniyo ili ndi rotor ya oilo kumbuyo kwa kavala wa kilatchi, itsegulenso muchotse phala lomwe limaundana m'menemo. Bwana wakeyo mumuonetse ndi maso ake, asamangomva pafoni.

Wowotcherera wa ku Ndirande: Alongo, gayidi ikadyeka ndi manual mumangoonjezera theka la kuzungulira, nkhani yatha. Ya sikuluu ikafika kumapeto mulibenso chochita. Mfundo yanga ndi imeneyo.

Madala a ku Biwi: Akulu a ku Ndirande, inu mumatha kutchuna bawuti chifukwa dzanja lanu lazolowera. Koma njingayo sigona pa garaja panu. Ikachoka imakhala m'manja mwa mnyamata wa pa siteji yemwe ali ndi sipanala m'thumba, ndipo akangodziwa kuti bawuti ija imazimitsa phokoso, aziimanga tsiku lililonse. Ndinakonzapo ina yotero. Inabwera ikulira mluzu, osati kugogoda ayi, mluzu wosalekeza. Anali ataimanga mpaka tcheni kuuma gwa. Bering'i ya kamu mbali ya sipuloketi inali itamwazika, gayidi itadyeka mpaka chitsulo, mano a sipuloketi ya pa kulanki atasongoka. Ndipo ya pa kulanki ija mukuidziwa, pa injini zambiri ndi yochita kukhomera, sumangoimasula ndi sipanala. Ntchito ya ola limodzi inasanduka yong'amba injini pakati. Injini ikatentha, buloko ndi hedi za aluminiyamu zimafutukuka kuposa tcheni chachitsulo, ndiye chomwe mwamanga bwino kukuzizira chimalimba chokha panjira. Manual ndi ya munthu woyendetsa njinga yakeyake, womva injini yake.

Wa ku Joni: Ndiikepo za kuno, mwina zithandiza kuganiza. Nkhani ya tenshona si ya njinga zazing'ono zokha. Harley-Davidson anatulutsa injini ya Twin Cam 88 mu 1999, ili ndi matcheni awiri a kamu, lililonse ndi kansapato kake kapulasitiki kokanikizidwa ndi sipuling'i yamphamvu. Tinsapatoto timadyeka, ndipo kam'kati sikaoneka bwino pokhapokha utalowetsa kagalasi kapena kuchotsa cam plate yonse, chitsulo chogwira makamu. Zidutswa zake zimathera mu pampu ya oilo. Kampaniyo inasintha n'kuika tenshona zoyendera mphamvu ya oilo, pa njinga za mtundu wa Dyna mu 2006, pa zina zonse mu 2007. Eni njinga zakale zija amasankha ziwiri. Ena amaika cam plate ya hydraulic pamodzi ndi pampu yaikulupo. Ena amachotseratu matcheni n'kuika magiya, ngati a kampani ya S&S kapena Andrews. Koma magiya sungangoika. Umayamba wayeza ndi dial gauge kuti shafti ya kulanki ikuvina bwanji, ndipo ikapitirira 0.003 inchi, pafupifupi 0.08 mm, magiya amalira n'kudyana, ndalama zonse zapita. Ngakhale kumeneko amayamba ayeza asanagule chitsulo chodula. Inuyo mwayezapo chiyani pa njingayo?

Ba Mwale Garage, Chipata: Ba Joni mwakamba zoona, koma ise kuno nkhani iyi tinaithetsa kale mwa njira ina. Munthu akafuna njinga yonyamulira matumba a chimanga kapena makala timamuuza agule ya injini ya mtundu wa CG, ya mapushirodi. Mulibe tcheni, mulibe tenshona, kamu ili pansi ikuyendetsedwa ndi giya, ikusamba mu oilo. Honda anaipanga dala CG125 mu 1975 ataona kuti m'maiko ngati athu anthu sasintha oilo nthawi yake ndipo injini za kamu pamwamba zikudyeka. Imagogoda mavavu inde, siithamanga kwambiri, koma imapirira.

Sipanala 10, Mchesi: Ba Mwale ndamva koma munthuyu njinga anagula kale, sindingamuuze kuti ataye. Wa Masipeya, malinki ndinawerenga, ndi ofanana ndi chakale. Paketi yake sindikuikumbuka. Koma tamverani izi, ndamufunsa mnyamatayu bwinobwino tsopano. Akuti isanabwere kwa ine inatenthapo kwambiri, makaniko wina anatengera hedi ku engineering kukaipala. Ndayang'ananso pansi pa buloko, gasiketi sindikuiona, pali silikoni yofiira yokhayokha yatulukira m'mbali.

Mlongo wa ku Zolozolo: Ndi pamenepotu! Hedi ikapalidwa kamu imatsikira kufupi ndi kulanki, ndipo tcheni chimakhwepa mbali zonse ziwiri. Akachotsa theka la milimita, tcheni chimatsala ndi pafupifupi milimita yathunthu yopanda ntchito. Onjezerani gasiketi ya pansi yomwe palibeyo. Onjezerani ngalande za m'magayidi. Tenshona iliyonse yomwe mungaike, kaya yochokera kuti, iyambira kumapeto. Ndipo tayiming'i ya kamu imachedwa, mwina n'chifukwa chake mizere siigona bwino ngati mwayang'ana monga ananenera madala. Bwezeretsani gasiketi ya pansi, yokhuthala bwino, ya hedi ikhalenso yoyenera, magayidi onse awiri atsopano. Silikoni imeneyonso ndi yoopsa, pafupi ndi stud pamadutsa njira ya oilo yopita ku kamu, kachidutswa kamodzi kakatseka pamenepo hedi yauma.

Wowotcherera wa ku Ndirande: Ndiye mukuvomerezana nane osadziwa. Hedi yopalidwa mankhwala ake ndi manual, chifukwa bawuti mumasankha nokha kutalika kwake. Zong'amba injini mpaka ku buloko bwana wakeyo alipira? Wakana magayidi, avomera magasiketi ndi leba?

Madala a ku Biwi: Bawuti ibisa phokoso koma tayiming'i ikhalabe yochedwa, pisitoni ikhalabe pafupi ndi mavavu kuposa m'mene anapangira. Ndipo gayidi yopindidwa mopitirira muyeso imathyokera pa bawuti yake ya pansi. Ikathyoka njinga ili pa liwiro, tcheni chimalumpha mano, vavu n'kukumana ndi pisitoni, tayala lam'mbuyo n'kuloka. Pa njinga imeneyo pamakwera amayi obereka ana kumbuyo, tisamaiwale zimenezo. Bwana akakana, mubwezereni njinga yake ndipo mumuuze chifukwa chake pamaso pa mnyamatayo.

Ndiwonjezere za kaikidwe, chifukwa ana ambiri amaononga tenshona yatsopano asanalize n'komwe injini. Ya sikuluu muyambe mwaibweza yonse, muigwire choncho ndi sikuludiraiva, mumange mabawuti awiri aja, kenako muisiye ilowe yokha. Mukaimanga ili chotuluka, mabawuti ndi amene amaikankha, mazinga am'kati amaphwanyikira pomwepo. Tenshona ya mtundu wina, ya mano, mumachotsa kaye sipuling'i, kukweza kaloko, kubweza ndodo, sipuling'i n'kulowa pomaliza. Mukaimasula pang'ono musaimangenso osaibweza, imakhala italumpha kale mano. Tenshona ili kunja musapukuse injini. Mabawuti a M6 amenewo ndi a 10 Nm basi, si oti mudzendewerepo, mazinga ali mu aluminiyamu. Mukamaliza pukusani ndi dzanja kawiri, muonenso T ndi mizere musanamenye kiki.

Wa Masipeya, Malangalanga: Za oilo palibe watchulapo. Anyamatawa akuthira wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, wina wochita kukhetsa m'galimoto n'kusefa ndi nsalu. Injini yonseyo imalowa pafupifupi lita imodzi yokha, yomweyo ikusambitsa kilatchi ndi magiya. Ndi fumbi la miyezi ino, sefa ya mpweya itang'ambika, mchenga umathera m'mapini a tcheni. Auzeni 20W-50 wa njinga wolembedwa JASO MA. Kungoti mitengo ikusintha sabata iliyonse ndi vuto la ndalama zakunjali, ife tikapita kukaoda tikupeza zina.

Ba Mwale Garage, Chipata: Masipeya kuno aliko, ambiri a ku Mchinji amabwera kudzatenga. Magayidi a 150 niwaona mawa m'tauni, munitumire chithunzi cha akale kuti nisalakwitse mutu wake.

Wowotcherera wa ku Ndirande: Oilo wabwino, magayidi atsopano, zonsezo sindikukana. Koma mukamaliza muikebe manual. Mudzandikumbuka.

Mlongo wa ku Zolozolo: Achimwene a ku Mchesi mwangoti zii. Munatsegula sefa ija? Munapezamo chiyani?

Phunziro wa ku Area 25: Pepani akuluakulu ndilowerere. Pa injini yogona ya 110, kandodo ka tenshona ka pansi kaja, kokhala ndi mutu wa labala, mumathiramo oilo musanatseke bawuti yake kapena kamadzaza kokha ikalira? Abwana anga achoka ndipo mwini njinga wakhala pabenchi akudikira.