Arduino ikumayambiranso yokha pampu ikangoyaka, ndithandizeni

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino zamagetsi. Ndikuphunzira pandekha kupanga kachipangizo kothirira mbewu panazale dothi likauma. Ndili ndi Arduino Uno (kabolodi koikamo pulogalamu yoyendetsa zipangizo), sensa yoyeza chinyezi, relay ya 5V (switchi yoyatsira pampu) ndi kapampu ka 12V. Zonsezi zikudya pa batire limodzi la sola.

Pulogalamu ikuyenda bwinobwino. Sensa ndailumikiza pa pini ya A0 ya Arduino, ikupereka manambala a pakati pa 0 ndi 1023, ndipo ndikaika LED m'malo mwa pampu imayaka pa nthawi yake. Koma ndikangolumikiza pampu, relay imalira kuti tche, pampu n'kunjenjemera pang'ono, Arduino n'kuyambiranso ngati wina wadina batani la reset. Kodi n'chifukwa choti pampu imakoka mphamvu yambiri ikamayamba kuzungulira mpaka magetsi a pa bolodi n'kutsika? Kapena ndi mphamvu yobwerera kuchokera ku mota? Ndamva zoika diode ya 1N4007 (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) pa mawaya awiri a pampu. Mbali ya kamzere koyera ija iyenera kupita ku waya wa plus kapena wa minus? Nanga capacitor (kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi) ikufunikanso, ya ma microfarad angati?

Chinanso, timiyendo ta sensa tayamba kudyeka, nsonga zake zabiriwira. Kodi sensa ya mtundu wa capacitive ija, yopanda timiyendo tachitsulo toonekera, imakhalitsadi m'dothi lonyowa, kapena ndizingoipatsa iyiyi magetsi pa nthawi yowerenga yokha?

Amene munapangapo zotere, chonde ndijambulireni ngakhale papepala mmene munalumikizira mawaya. Ndikufuna kufesa tomato mwezi wamawa, ndipo masana ndimakhala kuntchito.