Kodi wopambana mamita 60 m'bwalo la m'nyumba ndiye waliwiro kuposa onse?

Mphunzitsi wa ku Kawale analemba kuti:

Moni nonse okonda masewera othamanga. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale muno mu Lilongwe, ndipo ndimayang'anira anyamata amene amathamanga mitunda ifupiifupi. Funso langa likukhudza mpikisano wa dziko lonse wa m'mabwalo a m'nyumba umene bungwe la World Athletics limachititsa, makamaka liwiro la amuna la mamita 60. Mu Malichi 2025, mumzinda wa Nanjing ku China, Jeremiah Azu wa ku Britain anapambana ndi masekondi 6.49, ndipo Lachlan Kennedy wa ku Australia anabwera pambuyo pake ndi masekondi 6.50. Anyamata anga amakangana kwambiri za mpikisanowu, chifukwa ena amati wopambana pamenepa ndiye waliwiro kuposa anthu onse pa dziko, pamene ena amati umenewu ndi mpikisano wa anthu amene mamita 100 anawakanika. Ndikupempha amene mumatsatira bwino masewerawa kuti mundifotokozere chimene mpikisanowu umayesa kwenikweni, komanso ngati pali phindu lililonse kuti ife, amene tilibe bwalo lothamangira la m'nyumba, tiziphunzitsa ana athu mtunda umenewu.

Bambo a Tadala, a ku Area 25, anayankha kuti:

Zikomo aphunzitsi chifukwa cha funso labwinoli. Ndiyambe ndi bwalo lenilenilo, chifukwa ndi limene linabala mtunda umenewu. Njira yothamangira ya m'nyumba ikazungulira imakwana mamita 200 okha, theka la njira ya pa Bingu National Stadium, ndipo makona ake amakhala opendekeka kuti wothamanga asaponyedwe kunja. M'nyumba yotereyi mulibe malo oti n'kuyalamo mzere woongoka wa mamita 100 pamodzi ndi pothera liwiro, choncho anthu anayala mizere ya mamita 60 pakati pa bwalo, ndipo kumapeto kwake amaikako matiresi aakulu oimika kuti othamanga akadutsa mzere womaliza akaziwombe pamenepo m'malo mowomba khoma. Kale pa mpikisano wa dziko lonse wa m'nyumba pankakhalanso liwiro la mamita 200, koma linathetsedwa pambuyo pa 2004 chifukwa amene wapatsidwa mzere wakunja ankakhala ndi mwayi woonekeratu kuposa amene ali mkati, kumene kona ndi yothina. Kuyambira pamenepo, mamita 60 ndiwo anatsala ngati liwiro lenileni la m'nyumba.

Chimene mtunda umenewu umayesa ndicho kunyamuka ndi kukoka liwiro. Munthu wothamanga mamita 100 amadutsa m'magawo atatu: amanyamuka ali chiweramire akukankha pansi mwamphamvu, kenako amadzuka pang'onopang'ono mpaka kufika pa liwiro lake lonse, ndipo pomaliza amalimbana ndi kutopa kuti liwirolo lisatsike kwambiri. Akatswiri ambiri amafika pachimake pa liwiro lawo chapakati pa mamita 50 ndi 70, zomwe zikutanthauza kuti mpikisano wa mamita 60 umatha pamene munthu wangofika kumene pachimakepo. Gawo lachitatu lija mulibemo. Makolo athu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo pa mamita 60 mawu amenewa ndi oona ndithu, chifukwa amene wachedwa ponyamuka alibe malo obwezera zimene wataya.

N'chifukwa chake lamulo la kanyamukidwe limaluma kwambiri pa mtunda umenewu. Kuyambira mu 2010, aliyense amene wanyamuka mfuti isanalire amachotsedwa nthawi yomweyo, popanda kuchenjezedwa kaye. Zopondera zimene othamanga amatsamiritsapo mapazi poyambira zili ndi makina oyeza mphamvu ya phazi, ndipo munthu akakankha pasanathe sekondi 0.100 kuchokera pamene mfuti yalira, amatengedwa kuti wangolota kulira kwake, sanaimve. Tangoganizani mtima wa munthu amene akudziwa kuti akafulumira pang'ono achotsedwa, akazengereza pang'ono waluza, ndipo ayenera kupirira zimenezi katatu pa tsiku limodzi, popeza ndime yoyamba, semifayinolo ndi fayinolo zonse zimachitika tsiku lomwelo.

Ubwino wina wa m'nyumba ndi wakuti mulibe mphepo. Panja, nthawi ya munthu siilandiridwa ngati rekodi mphepo yomukankha kumbuyo ikapitirira mamita 2.0 pa sekondi, koma m'nyumba nkhani imeneyi palibe, ndipo nthawi za anthu zimayerekezeka mosavuta. Rekodi ya dziko lonse ndi masekondi 6.34, ya Christian Coleman wa ku America, imene anaikhazikitsa ku Albuquerque mu Febuluwale 2018, ndipo asanatero rekodi inali 6.39 ya Maurice Greene, imene inakhala kuyambira mu 1998. Chaka chomwecho cha 2018 Coleman anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Birmingham ndi masekondi 6.37, patsogolo pa Su Bingtian wa ku China amene anathamanga 6.42. Kuti muone kuchepa kwa mpata pa mtunda umenewu, auzeni anyamata anu za ku Belgrade mu 2022, kumene Marcell Jacobs wa ku Italy ndi Coleman onse analembedwa 6.41, ndipo panafunika chithunzi cha pa mzere womaliza kuti chionetse kuti chifuwa cha Jacobs chinafika patsogolo ndi sekondi 0.003. Ndanena chifuwa mwadala, chifukwa chimene chimawerengedwa ndi thunthu la munthu, osati mutu, dzanja kapena phazi, ndipo ana ambiri a sukulu sadziwa zimenezi.

Mayi NaBanda, a ku Likuni, anayankha kuti:

Bambo a Tadala afotokoza bwino, koma funso loyamba la aphunzitsi lija likufunika yankho losazungulira, ndipo yankho langa ndi lakuti ayi, wopambana mamita 60 sindiye waliwiro kuposa onse. Iyeyo ndi katswiri wa kunyamuka, ndipo ulemu umenewo ndi wake, koma liwiro lenileni la munthu limaoneka kutsogolo kwa pamene mpikisanowu umathera. Usain Bolt sanapikisanepo pa mpikisano wa dziko lonse wa m'nyumba, koma palibe amene amakayika za iye. Pamene ankathamanga masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, akatswiri oyeza anapeza kuti anadutsa pa mamita 60 ali pa 6.31, ngakhale kuti kumbuyo kwake kunali kamphepo komukankha, ndipo gawo limene anathamanga mwaliwiro kuposa ena onse linali la pakati pa mamita 60 ndi 80, limene analidutsa m'masekondi 1.61. Apa n'zoonekeratu kuti chimene chinam'siyanitsa ndi anzake chinachitika pamalo amene mpikisano wa m'nyumba sufikapo.

Chitsanzo china ndi cha 2024. Ku Glasgow mu Malichi, Coleman anagonjetsa mnzake wa ku America, Noah Lyles, pa mamita 60, 6.41 kwa 6.44. Patangopita miyezi isanu, Lyles ndiye anatenga golide wa Olimpiki pa mamita 100 ku Paris ndi masekondi 9.79, atayamba ali kumbuyo kwenikweni n'kumawapitirira anzake chakumapeto, pamene Coleman sanapeze n'komwe malo a mamita 100 m'timu ya dziko lawo. Ana athu adziwe kuti mitunda iwiriyi ndi pachibale, koma siifuna mphatso yofanana ndendende.

Bambo a Tadala anayankhanso kuti:

Mayi NaBanda, pa mfundo yoyambayo ndikugwirizana nanu, koma gulu lachiwiri la anyamata aja, limene likuti mpikisanowu ndi wa olephera mamita 100, lisaganize kuti lapambana. Maurice Greene anatenga golide wa mamita 60 ku Maebashi mu 1999, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa rekodi ya mamita 100 ya masekondi 9.79 n'kupambananso mamita 100 pa mpikisano wa dziko lonse wa panja ku Seville. Justin Gatlin anapambana m'nyumba mu 2003 ndipo chaka chotsatira anatenga golide wa Olimpiki ku Athens. Coleman yemweyo anali katswiri wa dziko lonse pa mamita 100 ku Doha mu 2019, ndipo Jacobs anayamba wapambana mamita 60 pa mpikisano wa ku Europe mu Malichi 2021 asanadabwitse anthu potenga golide wa mamita 100 pa Olimpiki ya ku Tokyo ndi masekondi 9.80. Ngakhale Lyles amene mwamutchulayo anapita ku Glasgow n'cholinga chokonza kanyamukidwe kake, kamene kanali kofooka, ndipo golide wa ku Paris anam'peza ndi mpata wa sekondi 0.005 yokha patsogolo pa Kishane Thompson wa ku Jamaica. Ine ndimakhulupirira kuti akanapanda kugwira ntchito ya m'nyumba ija, mpata umenewo sukanapezeka.

Wothamanga Wakale, wa ku Area 49, anayankha kuti:

Aphunzitsi, ine ndiyankhe funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi limene likutikhudza ife a kuno. Chifukwa chachikulu chimene azungu amathamangira m'nyumba ndi chisanu cha kwawo, chimene chimakwirira mabwalo kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene ife miyezi imeneyo timangolimbana ndi mvula ndi matope. Kusowa kwa bwalo la m'nyumba kusatigwetse mphwayi, chifukwa mamita 60 oongoka akhoza kuyezedwa pabwalo lililonse losalala, ndipo mzinda wathu uli ndi njira yabwino yothamangira pa Bingu National Stadium ku Area 48, imene inagwiranso ntchito pa masewera a achinyamata a Region 5, a mayiko a kum'mwera kwa Africa, mu Disembala 2022.

Anthu a mu Africa anaonetsa kale kuti mtunda umenewu si wa anthu a kozizira okha. Olusoji Fasuba wa ku Nigeria anatenga golide ku Valencia mu 2008 ndi masekondi 6.51. Ferdinand Omanyala wa ku Kenya, mwini rekodi ya Africa ya mamita 100 ya masekondi 9.77, anamaliza pa nambala 4 ku Glasgow mu 2024, ndipo akuchokera m'dziko limene aliyense ankalidziwa ndi mitunda italiitali yokha, monga momwe anthu amaganizira za ife. Chimene chinandikhudza mtima kwambiri ndi cha Akani Simbine wa ku South Africa, amene anamaliza pa nambala 4 pa mamita 100 ku Olimpiki ya Tokyo komanso ya Paris, n'kumabwerera kwawo wopanda mendulo ya iye yekha ya mpikisano wa dziko lonse, mpaka pamene anaipeza ku Nanjing mu 2025, pa mpikisano womwewo umene anyamata anu anaonera, atamaliza wachitatu ndi masekondi 6.54. Auzeni kuti aonerenso kanemayo ndipo ulendo uno maso akhale pa iyeyo. Kuno kwathu, Asimenye Simwaka anafika mu fayinolo ya mamita 400 pa masewera a Commonwealth ku Birmingham mu 2022, ndipo zimenezi zikutsimikizira kuti miyendo yaliwiro iliko. Anyamata asakhale ndi chowiringula.

Kwa mwana wa Fomu 1 kapena Fomu 2, mamita 60 ndi abwino kuposa mamita 100. Mwana wa msinkhu umenewo amafika pachimake pa liwiro lake msanga, mwina asanakwanitse n'komwe mamita 40, ndipo mukamuthamangitsa mamita 100 mobwerezabwereza, theka la ulendowo amakhala akuphunzira kuthamanga ali wotopa, mutu uli chagada, mapewa ali gwaa, mikono ikungoponyedwa uku ndi uku. Chizolowezi chimenecho chikakhazikika chimavuta kuchichotsa. Vuto limene ndimaliona m'sukulu zambiri ndi lakuti anyamata a mitunda ifupiifupi amawazungulitsa bwalo pamodzi ndi a mitunda italiitali, kenako n'kumadabwa kuti liwiro silikubwera. Liwiro limaphunzitsidwa munthu ali wopuma bwino. Muwapatse mitunda ya mamita 20, 30 ndi 60, aliyense athamange ndi mphamvu zake zonse, kenako apume mphindi zingapo mpaka mpweya ubwerere asanabwereze, ndipo mukaona kuti ayamba kuchedwa, tsiku limenelo zithere pomwepo. Ngati mulibe zopondera za poyambira, kumbani timaenje tiwiri pansi topondamo mapazi, monga ankachitira othamanga akale zipangizozi zisanabwere, kapena mnzake aime kumbuyo n'kutsamiritsa mapazi ake ku mapazi a wothamangayo.

Mphunzitsi wa ku Kawale anayankha kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse, bambo a Tadala, mayi NaBanda ndi achimwene a ku Area 49. Mfundo yopumitsa ana mokwanira ndiyamba nayo sabata ikubwerayi. Chimene chatsala ndi nkhani ya nthawi, chifukwa ife timayeza ndi wotchi ya pa foni, ndipo pali mnyamata wina amene amaoneka kuti akuthamanga mamita 60 m'masekondi osakwana 7. Kodi nthawi yotereyi ndingaikhulupirire mpaka pati?

Wothamanga Wakale anayankhanso kuti:

Muikhulupirire poyerekeza mwanayo ndi anzake, komanso poona ngati akupita patsogolo mwezi ndi mwezi, koma musaiike pambali pa nthawi za ku Nanjing. Chala cha munthu chimachedwa kuyambitsa wotchi ndipo nthawi zambiri chimafulumira kuiimitsa, n'chifukwa chake pa mitunda ifupiifupi anthu owerengera amawonjezera sekondi 0.24 pa nthawi ya pamanja kuti ifanane ndi ya makina, ndipo rekodi ya dziko lonse ya mitunda imeneyi siilandiridwa ngati yayezedwa pamanja. Woyeza aziima pa mzere womaliza ndipo aziyambitsa wotchi poona chizindikiro, monga matabwa awiri akamawombana m'mwamba, osati pomva phokoso, chifukwa phokoso limatenga pafupifupi sekondi 0.18 kuti liyende mamita 60. Muyezenso mtundawo ndi tepi yoyezera, osati ndi mapazi, ndipo woyeza nthawi akhale yemweyo tsiku lililonse. Mnyamatayo akapitiriza kuonetsa nthawi imeneyo pambuyo pa zonsezi, mumulembetse pa mpikisano wotsatira wa sukulu kapena wa Athletics Malawi kuti akathamange pa njira yeniyeni, atavala masipaiki, nsapato zothamangira za timisomali kunsi, pakati pa anzake a msinkhu wake.