Kodi amene sanali Ayuda ankapulumuka Yesu asanabwere?

Membala wosadzitchula dzina:
Abale ndi alongo, thandizeni. Loweruka ndikutsogolera phunziro la Baibulo la achinyamata, ndipo wina wafunsiratu kuti: poti chilamulo, nsembe ndi kachisi zinali za Aisraeli, kodi Aigupto, Ababulo ndi mitundu ina yonse inangotayika? Ndikufuna mavesi, osati yankho loti "akudziwa ndi Mulungu".

Mkulu wa mpingo:
Yambirani pa Abrahamu, mbale. Anayesedwa wolungama pa Genesis 15:6, Ismayeli asanabadwe. Ismayeli anabadwa Abrahamu ali ndi zaka 86, mdulidwe unadza ali ndi zaka 99 (Genesis 17:24). Ndiye kuti anakhala zaka zoposa 13 ali wolungama koma wosadulidwa, ndipo mtsutso wa Paulo pa Aroma 4:9-11 wagona pomwepa. Onjezerani Nowa, Yobu wa ku Uzi, ndi Melikizedeke amene Abrahamu yemweyo anam'patsa chakhumi. Palibe Myuda pamenepa.

Mphunzitsi wa Chipangano Chakale:
Chimene chimasokoneza ambiri n'kuphatikiza zinthu ziwiri: kulowa mu mtundu wa Israeli, ndi kulandiridwa ndi Mulungu. Kulowa kunali ndi njira yake. Eksodo 12:48-49 akuti mlendo wofuna kudya Paskha, amuna onse a m'nyumba mwake adulidwe, akatero lamulo n'limodzi ndi mbadwa. Pambuyo pake arabi (aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda) anaika zofunika zitatu: mdulidwe, kumizidwa m'madzi, ndi nsembe ku kachisi, yomwe inalekeka Aroma atagwetsa kachisiyo mu 70 AD. Rahabi ndi Rute anakhazikika pakati pa Aisraeli, mpaka ali mu mzere wa makolo a Yesu pa Mateyu 1:5. Konzekerani: wachinyamata wochenjera adzakutsegulirani Deuteronomo 23:3, poletsa Mmoabu kulowa mumsonkhano. Arabi ankati lamulolo n'la amuna okha, n'chifukwa chake Rute, ngakhale anali Mmoabu, sanatsekeredwe.

Koma Namani ndiye nkhani imene muyenera kukhalitsapo (2 Mafumu 5). Mkulu wa asilikali a Aramu, adani enieni. Anamira mu Yordano kasanu n'kawiri, nachira khate lake, navomereza kuti kulibe Mulungu kwina koma mu Israeli. Za mdulidwe sitikuzimva. Anapempha dothi lokwana kusenza nyuru ziwiri kuti akapembedzerepo kwawo, napemphanso chikhululukiro pasadakhale, poti ntchito yake inali yoperekeza mfumu m'nyumba ya fano la Rimoni n'kugwada nayo. Elisa sanam'patse mndandanda wa malamulo, anangoti apite mumtendere. Yesu atatchula nkhaniyi ku Nazarete, anthu anafuna kum'kankhira kuphompho (Luka 4:27-29).

Mayi a Chigwirizano:
Nanga bwanji simukutchula Nineve? Mzinda wonse unalapa.

Mphunzitsi wa Chipangano Chakale:
Tchulani, mayi, koma mosamala. Yona 3:10 akungonena kuti mzinda sunawonongedwe nthawi imeneyo. Unadzagwabe mu 612 BC. Vesi lolimba ndi Mateyu 12:41, pamene Yesu akuti anthu a ku Nineve adzaimirira pa chiweruzo n'kutsutsa mbadwo wake.

Mlaliki wachinyamata:
Pepani akuluakulu, Machitidwe 4:12 akuti palibe dzina lina lopulumutsa anthu koma la Yesu. Anapulumuka bwanji osalidziwa dzinalo?

Mkulu wa mpingo:
Funso limenelo likum'gwiranso Davide ndi Mose, achimwene. Ahebri 10:4 akuti mwazi wa ng'ombe ndi mbuzi sungachotse machimo, ndiye ngakhale Myuda sanapulumutsidwe ndi nsembe zake. Ahebri 9:15 ndi Aroma 3:25 akusonyeza kuti imfa ya Khristu inalipiranso zolakwa zam'mbuyo. Zili ngati wa golosale amene amakupatsa ufa n'kulemba m'buku: wadya lero, ngongole ilipidwa kutha kwa mwezi.

Katekisiti:
Mwapereka anthu amene anamvako za Mulungu wa Israeli. Povuta ndi pa amene sanamve n'komwe, ndipo apa mipingo imasiyana, muwauze achinyamatawo chilungamo. Akatolika timatsamira pa Aroma 2:14-15, chilamulo cholembedwa m'mitima, ndi ndime 16 ya Lumen Gentium, chikalata cha msonkhano wa Vatican II cha 1964: wosadziwa Uthenga popanda kulakwa kwake, koma wofuna Mulungu ndi mtima woona n'kutsata chikumbumtima mothandizidwa ndi chisomo, angapulumuke. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, ndime 633, akuti Yesu anatsikira kwa akufa kukamasula olungama amene anafa iye asanadze. Chivomerezo cha Westminster, chomwe mipingo ya Presbyterian imatsata, mutu 10 ndime 4, n'chokhwima: chimakana kuti munthu angapulumuke pongotsata kuwala kwa chilengedwe. Amene amachitsata amati Aroma 2 akufotokoza muyeso woweruzira, osati njira yopulumukira.

Membala wosadzitchula dzina:
Zikomo nonse. Nanga akandifunsa za makolo athu omwe ankathira nsembe kwa Chauta amishoni asanafike?

Admin:
Ambiri mwa amenewo anakhala ndi moyo Yesu atabwera kale, choncho ndi funso lina. Tsegulani positi yakeyake, muyambe ndi Machitidwe 14:16-17 ndi 17:30.