Yamaha 40 yomwe ikumazima ikatentha, ndigule kapena ndiisiye?

Bambo a Chisomo, Dzivarasekwa: Abale mwaswera bwanji pagulu pano, ndithandizeni maganizo ndisanataye ndalama. Pali mdala wina kuno ku Harare akugulitsa injini ya boti Yamaha Enduro 40 ya 2 stroke ija, akuti ankayendera pa nyanja ya Kariba koma yakhala m'galaja zaka ziwiri osagwira ntchito, akufuna madola 900. Ine ndimafuna nditumizire achimwene anga ku Senga Bay, chilimira ali nacho koma injini amachita kubwereka nde usipa wonse umangothera kulipira eni injini. Vuto lake ndi ili, dzulo tinaiyika mumgolo wa madzi kukoka kawiri basi yalira bwinobwino, patatha mphindi ngati 15 yazima yokha, kukoka kukoka mpaka phewa kuwawa osalira, tasiya tikucheza, patapita kanthawi kukoka kamodzi yalira ngati palibe chachitika. Mwini wake akuti ndi karibuleta chabe ikungofuna kutsuka.

NaBanda wa ku Mabvuku: Achimwene aliyense wogulitsa chinthu chakufa amati ndi karibuleta chabe kkkk. Ngati ndi kutsuka kokha bwanji iyeyo osatsuka nkugulitsa 1200? Chikomekome cha mkuyu icho. Isiyeni.

aPhiri, Msasa: Mlongo musafulumire. Mdalayo atha kukhala akunena zoona osadziwa kuti akunena zoona. Petulo wa kuno mesa ndi wosakaniza ndi ethanol wa ku Chisumbanje uja, ndiye akakhalitsa amakoka chinyontho, madzi amakhala pansi pa thanki, mapayipi akale amafumbwa mkati tizidutswa take nkumapita kukatseka majeti, timabowo todutsa petulo mu karibuleta. Zaka ziwiri ili chikhalire ndi petulo mkati ine sindingadabwe. Zimenezo ndi zotchipa, payipi yatsopano, kampira kopopera, sefa, kutsuka basi. Koma a Chisomo tandiuzeni kazimidwe kake, imayamba yatsokomola kaye mphamvu nkumatsika pang'onopang'ono kapena imangoti thii ngati munthu wazimitsa dala?

Bambo a Chisomo, Dzivarasekwa: Imangoti thii aPhiri. Osatsokomola ayi.

aPhiri, Msasa: Mmm apo nde ndayamba kukayika za karibuleta. Injini ikamasowa petulo imadandaula kaye, imakwera nkutsika, ukakoka choko imadzuka pang'ono. Yongoduka kamodzi nkudzalira itazizira nthawi zambiri ndi moto, koyilo ina pansi pa fulayiwilo (gudumu la pamwamba pa injini) kapena CDI (kabokosi kowongolera moto wa pulagi) ikatentha waya wamkati amatalikirana, ikazizira amagundananso. Komabe osaweruza tili pa foni. Bwererani mukaiyese motere. Choyamba onani kasikuluwu ka mpweya pa chitsekero cha thanki ngati nkotsegula, anthu ambiri amapasula injini yonse pomwe vuto ndi kameneka, thanki ikapanda kupuma petulo sapita ndipo kampira kaja kamaphwa ngati kapondedwa. Onaninso muvi wa pa kampirako uloze ku injini osati ku thanki. Ikamalira muzikafinya kampirako pafupipafupi, ikapitirira nthawi yomwe imazimira ija nde kuti ndi pampu ya petulo, kachikopa ka mkati kang'ambika kapena penapake pakulowa mpweya. Ikazimabe, nthawi yomweyo isanazizire chotsani pulagi, ibwezereni mu kapu yake, igunditseni ku chitsulo cha injini wina akoke chingwe. Moto wabwino ndi wabuluu ngati wa gasi ndipo umamveka kuti tha tha. Gwirani ndi pulayazi ya mphira tu osati dzanja, ndipo petulo akhale patali.

Che Saidi, Mbare: Ine ndakulira ku Makanjira injini zimenezi ndazinyamula paphewa kuyambira ndili mnyamata. Enduro 40 ndi injini ya asodzi, kunyanja kwathu kuyambira Mangochi mpaka Nkhata Bay amakanika amaidziwa ngati chikhatho chawo ndipo masipeya amapezeka, nde kumbali imeneyo musaope. Koma pali chachitatu chomwe aPhiri sanatchule. Kodi madzi aja amakodza kumbuyo akutuluka mwamphamvu? Impela yomwe imapopa madzi oziziritsa injini ndi ya mphira, ikakhala zaka ziwiri youma mapiko ake amauma nkuthyoka, injini imatentha pisitoni nkugwira, ikazizira imamasuka nkuliranso. Chizindikiro chake ikangozima chingwe chimalimba kukoka. Ngati ndi zimenezo thawani, mkati mwa silinda mwakalika kale.

Bambo a Chisomo, Dzivarasekwa: Madzi amatuluka Che Saidi koma osati mwamphamvu kwenikweni, chingwe chimakokeka bwinobwino sichimalimba.

NaBanda wa ku Mabvuku: Mwaona nokha, tayamba ndi karibuleta pano tili pa koyilo, CDI, impela, mawa mumva giya bokosi. Onkhetsani zonsezo kuphatikiza mtengo wa basi kudutsa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, katundu wolemera ngati ameneyo makondakitala sakusekererani, kenako a MRA akufunanso zawo pa boda. Osangotumiza ndalamayo kumudzi akawonjezere agule konko bwanji? Ine nkhawa yanga si ndalama yokha ayi. Nyanja ija si Chivero, damu la kufupi ndi Harare kuno. Usipa amapha usiku kutali ndi mtunda, nde injini izime mwera utayamba, June kapena July, m'boti muli ana a eni ake 8 kapena 10, mudzawauza chani makolo awo?

Che Saidi, Mbare: Apo mayi mwanena zoona sinditsutsa, injini yozimazima siyopita nayo pakati. Koma kumudzi ya kale yomwe angagule pa ndalama imeneyo ikhala yoti yagwira usiku uliwonse zaka zambirimbiri, maring'i anasinthidwa kangapo, oyilo amathira wa galimoto akasowa weniweni. Ya mdala wa ku Kariba mwina imalira pa holide pokha. Msodzi sagulitsa injini yabwino, amagulitsa ikamutopetsa.

Mjomba wa Epworth: Ine ndinagulapo 15 kwa munthu wina ndi nyimbo yomweyi ya karibuleta chabe. Ndinatsuka katatu, ndinasintha mapulagi, ndinagula CDI ya pa msika yotchipa inagwira sabata ziwiri nkupsa, mapeto ake kunali kaswitchi kozimitsira kaja ka chingwe chofiira chomanga pa dzanja, mkati munachita dzimbiri nde kamagunditsa moto pansi pakokha. Kanthu kakang'ono ndalama zanga zonse zija mxii. Nde musanagule CDI yambani mwazula waya woyera wochokera ku switchiyo, moto ukabwerera mwapeza wakuba. Kungoti mukazula sizima ndi batani, muzimitse ndi choko.

aPhiri, Msasa: Eya zimenezo nzoona mjomba, pa Yamaha woyera ndi wozimitsira wakuda ndi wa pansi. Koma ine mawu anga ndi amodzi, zonse tatchulazi ndi za kunja kwa injini, zimamasulidwa ndi sipanala nkuikapo zina. Chomwe chinganene kuti gulani kapena siyani ndi kompuresheni, mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda. Masilinda ndi awiri, onse apitirire 100 psi ndipo asasiyane kuposa 10 pa 100 alionse. Wina akakhala 115 wina 80 musayambe nkomwe kunenerera mtengo. Mumasulenso kasikuluwu ka pansi pa giya bokosi muone oyilo, akatuluka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti masilo, timphira totchinga madzi tija, akulowetsa madzi, mukaona tizitsulo tonyezimira magiya akudyana. Geji yoyezera kompuresheni ndili nayo, Loweruka masana ndikaweruka nditha kupita nanu, mungondigulira ya kombi.

Che Saidi, Mbare: Muwafunsenso achimwene anuwo ayeze thabwa la kumbuyo kwa boti. Pali ya mwendo waufupi mainchesi 15 ndi wautali mainchesi 20, maboti a matabwa a kwathu ambiri amafuna wautali, mukatumiza waufupi pulopela izingomenya thovu pa mafunde. China, mumufunse mdalayo ngati anachepetsako jeti. Harare ili pamwamba pafupifupi mamita 1,500 pomwe nyanja ya kwathu sifika ndi 500 omwe, kumtunda mpweya ndi wochepa nde ena oyendera ku Chivero amaika jeti yaing'ono, imeneyo ikatsikira ku Salima petulo amachepa ndipo pa 2 stroke petulo akachepa ndiye kuti oyilo wachepanso, pisitoni imapsa. Oyiloyo muwauze 50 kwa 1, theka la lita pa malita 25, osati zongoyerekeza ndi maso.

Bambo a Chisomo, Dzivarasekwa: Abale tabwerako ndi aPhiri. Kompuresheni 118 ndi 114, oyilo wa giya bokosi wakuda chabe wopanda madzi, mwendo ndi wautali, jeti akuti sanakhudzepo. Payipi ya petulo yofumbwa ndithu ngati mmene ananenera, taikapo ya aPhiri ndi petulo watsopano koma yazimabe pa mphindi 17, kufinya kampira osathandiza, pulagi zonse ziwiri moto ziii, tazula waya woyera palibe chasintha. aPhiri ayeza ndi mita koyilo ya chaji ili yotentha sikuwerenga kanthu, itazizira yayambanso kuwerenga. Mdala uja anangoti kukamwa yasa, karibuleta yake ija osaitchulanso kkkk. Ndamuuza 650 iye watsika mpaka 750.

NaBanda wa ku Mabvuku: Chabwino ndagonja theka. Koma koyiloyo mugule yeniyeni osati za mjomba zija, ndipo isakwere basi musanaiyendetse pa madzi enieni, mumgolo injini sinyamula katundu.

aPhiri, Msasa: 700 muitenge, 750 ayi, mumuwerengere koyilo, impela, payipi ndi mapulagi awiri a NGK amve yekha. Tikamanga tipite nayo ku Chivero ilire maola awiri osapuma, tisamale namasupuni yekha asatseke polowera madzi.

Mjomba wa Epworth: Boti loyesera ndikupezerani kwa mnzanga wina amawedza konko, koma petulo ndi wanu a Chisomo.

Bambo a Chisomo, Dzivarasekwa: Ndamuimbira, akuti 720 ndi thanki yomwe. Mayi a Chisomo akuti ndiyambe ndawaonetsa pomwe patuluke fizi ya teremu ikubwerayi, nde ndikuyankhani Lolemba.