Madzi a m'damu langa la chambo asintha

Mlimi wa ku Santhe: Abale, mu Juni damu langa linali lobiriwira bwino. Pano mu Okutobala pamwamba payandama zinthu ngati penti, zonunkha. Chavuta n'chiyani?

Mayi a ku Chulu: Achimwene, ndere zabwino zija zobiriwitsa madzi zagonja kwa ma cyanobacteria, mabakiteriya a m'madzi ooneka ngati ndere. Amakonda kutentha ndi madzi osayenda. Amayandama n'kutchinga dzuwa, ndere zapansi zimafooka. Ena amatenga okha nayitrojeni wa mumpweya, ndiye mukachulutsa zitosi za nkhuku, mchere wa phosphorus wa m'zitosizo umawanenepetsa.

Bambo a ku Chamama: Lekani kaye manyowa, lowetsani madzi atsopano. Mbuzi zisamwe pamenepo, chifukwa ena mwa ma cyanobacteria amatulutsa poizoni. Nsomba zikamayasamula pamwamba m'mamawa, mpweya wachepa.

Mlimi wa ku Santhe: Zinaterodi lero, bambo. Ndatsegula ngalande.