A kabaza anzanga, ntchitoyi mumaikondadi kapena mukungodikira ina?

Sala_wa_Lifo, Kasungu boma

Moni nonse. Pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi yandikhala pakhosi kuyambira Lachiwiri. Ine ndinaphunzira zauphunzitsi wa ku pulayimale, kosi ya IPTE, TP (kuyeserera kuphunzitsa mkalasi) ndinakapangira pasukulu ina cha ku Chamama uko. Pepala lilipo, lili mu sutikesi pansi pa bedi, ndinalikulunga mu jumbo kuopa chiswe. Mayina a olembedwa ntchito akamatuluka langa kulibe, nde malume anaona kuti ndikungokhala pakhomo kudikira nsima ya masiteni anandipatsa njinga yawo yamoto, Lifo yofiira, kuti ndiziyendetsa, tageti yowapatsa iwo K8,000 pa tsiku, mafuta anga, ikaonongeka pang'ono zanga, ikaonongeka kwambiri timagawana. Pano zaka ziwiri zakwana.

Nde Lachiwiri lija mtsikana wina anandiimitsa pa depoti kuti ndimusiye ku chipatala, anali ndi kontena ya chakudya mu chitenje. Ine ndili mu helmeti galasi nditatsitsa, tayenda bhobho osayankhulana. Tafika pageti ndakweza galasi kuti ndione chenji bwinobwino, mwana uja kungoti "aaa sala, ndinu?" Anali wa mkalasi mwanga Sitandade 6 nthawi ya TP ija, ndine ndinamuphunzitsa ma fraction ameneyo. Anapinda maondo kundipatsa K1,000 ndi manja awiri anthu akuona. Ndinakana, iye kukakamira, mapeto ake ndinalandira chifukwa tageti inali isanakwane. Kuchoka apo ndinakaima pansi pa mtengo mwina ola lathunthu osanyamula munthu.

Nde ndimati ndifunse anzanga amene mumakhalira pa chishalo tsiku lonse. Musanayambe kabaza mumapanga chani? Ndipo mukadzuka mmawa kukankha njinga kutulutsa panja mumamva bwanji mumtima, ntchito imeneyi ndi yanu kapena nanu mukungodikira ina ngati ine?

aBanda a pa Santhe

Aphunzitsi, ndawerenga zonse. Ine ndi wamkulu kwa inu, woyamba wanga mwina ndi saizi yanu, nde ndikuuzani za kumene ndinachokera kenako muyeze nokha.

Ndinakhala tenanti pa esiteti zaka 9. Amene simunaupangepo utenanti simungamvetse. Chaka chimayamba ndi nazale kukutentha kuja, kuthirira ndi makeni mmawa ndi madzulo, madzi okatunga kudambo. Mvula ikagwa kuokera, kupalira, kubandira, kudula mitu, kuphata, kenako kuthyola mmamawa mame ali thoo, manja kuda bii ndi phula la fodya loti sopo amakanika. Usiku kusoka pa koloboyi ndi mayi akunyumba ndi ana omwe, kupachika mchigafa, ukauma kusankha magiledi, kumanga zindindi, kupana belo pa jeke. Nthawi yonseyo ndalama simunaione. Chimene mumaona ndi ndowa ya chimanga ndi kamchere, ndipo chilichonse chikulembedwa mu kabuku, mwana akadwala mwatenga ya panado yalembedwa, khasu lalembedwa. Fodya akapita ku okushoni ku Chinkhoma amagulitsidwa madola koma ife madolawo timangowamva. Chaka china atachotsera zamkabuku ndinatsala ndi ndalama yoti sinakwane thiransipoti ya banja lonse kubwerera kwathu. Tinakhalanso chaka china chifukwa cha chimenecho basi.

Nditachoka ndinayamba ndi yakapalasa ya kashoni kumbuyo, ndinapalasa mpaka maondo anayamba kulira ngati chitseko. 2018 ndinagula SanLG yogwirapo kale ntchito. Lero ndikadzuka 4 koloko ndikudziwa kuti pofika 10 koloko ya ndiwo ndaipeza ndipo ili mthumba mwanga, palibe kabuku. Nyumba ndinafolera malata, ana awiri ali ku CDSS. Mukandifunsa ngati ndimaikonda, eee ndimaikonda, sindinamizira. Pano pa Santhe usiku mayi akayamba kudwala matenda akuchikuta foni imalira ndi yanga, ana amene anabadwa ine nditathamangitsa mayi awo kuchipatala mumdima ndi ambiri, wina anamutcha dzina langa.

Koma sindikunena kuti inu mumve ngati ine ayi. Ine ndinachokera pansi kukwera pa njinga, inu mukuona ngati munachokera pamwamba. Njinga ndi yomweyo.

Mfana_wa_pa_Chatoloma

Kkkkk sala vuto lanu munakweza galasi. Chenji amaperekera mu helmeti momwemo. Ine form 4 yanga ndili ndi 24 points koma ndani amadziwa, amangoti kabaza tiye. Ndisanayambe ndimagulitsa ma units ndi kukhala pa Mpamba ya munthu. Kuno kuli bho kuposa kukhala mu kontena tsiku lonse kumapsa.

Mlangizi_HSA

Ndiloleni ndiyankheko ngakhale ine ndili mbali ziwiri. Ndine mlangizi wa zaumoyo, dera langa ndi midzi ya kumalire ndi paki ya nyama zakutchire uko. Pakati pa sabata ndimakhala pa njinga ndi kabokosi ka katemera kumbuyo, sikelo ya ana, mabuku a kaundula, kukaika klorini pa zitsime nthawi ya kolera. Loweruka ndi Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndimavula yunifomu yabuluu ija nkuvala jekete, ndili pa steji ngati wina aliyense. Njinga ya kabazayo ndi yanga ya loni, yakuntchito sindiigwiritsa zimenezo, ndinene kale ena asanayambe.

Achimwene, chimene mukuchidikiracho ndili nacho ine, ndi chabwino koma musamachione ngati kumwamba. Salale ikalowa, loni adula, lendi, sukulu fizi, ngongole ya pa golosale, pofika pa 10 foni imangolira ya anthu ofuna zawo. Ndalama imene imatifikitsa kumapeto a mwezi ndi ya pa chishalo. Aphunzitsi anzanu amene analembedwa kale angapo ndimaima nawo pa steji pomwepo masana akaweruka, funsani.

Chimene ndinaona nchoti munthu yemweyo amene Lachitatu amandipatsa mpando kuti adokotala khalani apa, Loweruka amandiitana ndi likhweru. Poyamba zimandiwawa. Pano ndimangoseka, nanga si ine ndimadziwa kuti mwana wake sanamalize katemera wa chikuku, nde tikuyenda ndimamukumbutsa konko. Ntchito ya ulangizi ndimaikonda, ya kabaza imandidyetsa, ndimalephera kusankha kuti yeniyeni ndi iti.

Mwendo_wa_Zitsulo

Mxiii tisamanamizane apa. aBanda ulemu wanu, koma inu njinga ndi yanu nchifukwa mukuyankhula choncho. Wa tageti ndi tenanti yemweyo, kabuku kanangosintha.

Ine ndayendetsa zaka 4 za eni ake. Werengani nokha. Novembala 2023 kwacha atagwetsa ndi 44 peresenti petulo anafika K2,530 pa lita, ndipo umenewo unali mtengo wa pa pampu, pamene pa pampupo mafuta kunalibe. Timagona pa mzere pa filling station kuyambira madzulo, kukacha akuti atha, nde ukagule wa mzigubu wa mmabotolo mtengo kawiri kapena katatu, wina wosakaniza ndi palafini njinga kumangotsokomola pa chitunda. Tayala linakwera, tcheni ndi sproketi zinakwera, oyilo anakwera, koma kasitomala ukamuuza mtengo watsopano akuti ndikwera wina, ndipo winayo alipodi chifukwa pa steji pamene timaima anthu 10 pano pali 40. Bwana naye tageti sachotsa olo kugwe mvula tsiku lonse. Nde umathamanga, umakweza awiri ndi thumba la chimanga pa thanki, osati chifukwa ndiwe wopusa koma masamu akukana.

Ine ndinagwa pa M1 cha ku Bua madzulo, ndimathamangira trip yomaliza kuti tageti ikwane, mbuzi inangotulukira. Kasitomala anangosupuka, ine fupa la mwendo linatuluka panja. Ananditumiza ku Lilongwe, miyezi iwiri ndili chigonere zitsulo zili mmwendo, ndipo muwodi imene ndinali ine mabedi ambiri tinali a kabaza, timachita kufunsana kuti iwe steji yako ndi iti. Mwini njinga anabwera kamodzi, funso loyamba linali loti njinga ili kuti. Laisensi ndinalibe, inshuwalansi kunalibe, nde palibe chimene ndinapeza, pamenepo cholakwa ndi changa ndivomere.

Ndipo sindinanene za akuba. Mnzathu wina anamuhaya usiku anthu awiri ovala bwinobwino, anakamupeza mmawa mmunda mwa fodya atamumenya mmutu njinga palibe. Ali moyo koma sayankhula bwino mpaka lero.

Pano ndimamata matayala ndi kugulitsa ma plug ndi ma cable pa benchi. Ndalama ndi yochepa koma madzulo akazi anga sakhalanso pakhomo kumvetsera kulira kwa njinga iliyonse. Sala, pepala lanulo musalisiye mu jumbo, ponyani paliponse, ma private omwe. Ntchito iyi ndi yodutsirapo.

aBanda a pa Santhe

Pa tageti mwanena zoona mwana wanga, sindikutsutsa. Pepani ndi mwendo. Ine 6 koloko ikakwana munthu wosamudziwa sindinyamula olo atchule ndalama zingati.

NaPhiri_wa_geni

Abambo mwayankhula nokhanokha, tiyankheko ife. Ine sindipanga kabaza koma ndimayendetsa ndekha, King Lion yanga, ndinagula ndi ndalama ya banki mkhonde titagawana mu Disembala kuphatikiza ya soya. Ndimagulitsa kaunjika mmisika, lero uku mawa uko, nthawi yokolola ndimalowa mmidzi ndi sikelo kugula mtedza ndi soya. Kale phindu lonse limathera kwa inu a kabaza kkkk, belo kulipira, ine kulipira, pobwera chimodzimodzi.

Nditayamba kuphunzira pa bwalo la mpira mudzi onse unabwera kudzaonerera ngati kwatuluka gule. Apongozi anga aakazi anakadandaula kwa ankhoswe kuti mkazi wotani wokhala motangadza pa njinga, amuna anga anawayankha kuti feteleza wa chaka chino wagula ndi yemweyo, nkhani inathera pompo. Ndimavala thalauzi mkati chitenje pamwamba, ndikafika pamsika ndimakonza chitenje changa bwinobwino nkuyala katundu. Ndinagwapo kawiri pa mchenga, kachiwiri belo inandigwera pa mwendo ndinapsa ndi ekizozi, chipsera chilipo.

Kunena zoona nthawi imene ndimasangalala kwambiri si pogulitsa ayi, pogulitsa mpa phokoso, anthu kutsitsa mtengo ngati zovalazo unatola. Ndi mmawa uja 5 koloko msewu uli zii, phiri la Kasungu likuoneka patali, palibe mwana akuti amama, palibe wondifunsa ndiwo. Mphindi zimenezo ndi zanga ndekha.

Achimwene aphunzitsi, mwana uja anakugwadirani muli pa njinga, sanaone helmeti anaona sala wake. Amene munachita manyazi ndinu. Nanga masana 2 koloko mpaka 4 anthu akachepa pa steji bwanji osasonkhanitsa ana a Sitandade 8 pakhonde kumawaphunzitsa part time? Wanga masamu akumuvuta, ndikhala woyamba kulipira.

Sala_wa_Lifo, Kasungu boma

Zikomo nonse, sindimayembekeza kuti muyankha motere. aBanda nkhani ya kabuku ija ndawawerengera masiteni, akuti bambo awo anadutsa momwemo, ine sindimadziwa nkomwe. A Mwendo_wa_Zitsulo mwandiopsa koma ndamva, laisensi nane ndilibe, ndili ndi chikhadi cha steji chokha. Ndayamba kusunga kuti ndikapange ku Road Traffic ku Lilongwe, amene munapanga posachedwa mundiuze kuti pa Lifo ndi code A1 kapena A ndipo zonse pamodzi zinakutherani zingati, sindikufuna za madobadoba.

Kuti ndimaikonda sindinganene, ndinama. Ndikadutsa pasukulu ana akuimba ma times table mtima umandipweteka mpaka pano. Koma dzulo ndinaona kuti ndikamatsuka njinga pa mjigo ndimaimba, nde kaya.

Mtsikana uja anatenga nambala yanga kwa anzanga a pa steji. Amene agonekedwa ndi mayi ake, nde sabata yonseyi ndine ndikumunyamula mmawa ndi madzulo ndi kontena yake ija. Ali form 2. Akuti ndizimufunsa mafunso a JCE tikuyenda, dzulo tinapanga za photosynthesis kuchokera pa depoti mpaka pageti ine ndikukuwa mu helmeti iye akuyankha kumbuyo, wa minibasi wina anationa ngati tikukangana.

NaPhiri za part time tikambirane ku inbox, koma bolodi ndilibe. A Mwendo, tcheni ndi sproketi ya Lifo muli nayo pa benchi panu? Yanga yayamba kudumpha, ndipo malume ndikawauza ati imeneyo ndi yaing'ono, ndi yanga.