Mjigo wa pasukulu wafanso

Mlembi: Mwadzuka bwanji nonse. Mjigo wa pasukulu uja wafanso, amakaniki akuti rodi yaduka, mphira nazo zatha. Ndaponya poll pamwambapa, votani: tikonze womwewu kapena tiike pampu ya sola.

Wa ku Joni: Sola basi. Koma musanayambe zosonkhetsa mutiuze kaye za mlatho zija tinasonkha Freddy atadutsa. Ine ndinatumiza pa Mukuru, screenshot ndikadali nayo.

Msungichuma: Achimwene imeneyo tinafotokoza kale. Bajeti tinapanga kwacha isanagwe, November 2023 itagwa ndi 44% simenti inakwera, ndalama sinakwane.

Wa ku Joni: Ayi akulu, vuto si kwacha. Kale buku linali kwa mlembi, bokosi kwa inu, makiyi kwa anthu atatu ngati banki m'khonde, kutsegula mpaka onse akhalepo. Chisamukireni ku Airtel Money layini ili m'dzina lanu, PIN ili m'mutu mwanu, meseji ya balansi imabwera kwa inu nokha, ndiye ife tiziona pati? Komiti yonse yalowa mu foni imodzi.

Aphunzitsi: Ine changa ndi poll yo. Taonani amene avota, onse ali ku Lilongwe, Blantyre, Joni. Amayi amene amapopa mjigowo m'mawa uliwonse ali ndi timafoni ta mabatani, WhatsApp alibe. Sola ikafa adzakonza ndani? Mjigo wa Afridev ngati wathuwu anyamata a pamudzi amamasula okha ndi sipanala.

Wa ku Joni: Wosonkha ndiye amalankhula aphunzitsi.

Aphunzitsi: Nanga mchenga ndi njerwa za mlatho anatuta ndani? Zimenezo zilibe screenshot.

Mayi a ku Area 25: Afumu tinawalowetsa mu gulu pa foni ya mdzukulu wawo, mwanayo n'kumatiponyera za mpira kkkk. Komanso ndifunse, admin amene anachotsa mlamu wanga ndani? Anangofunsa za ndalama za majezi.

Mlembi: Mayi imeneyo ndi nkhani ina chonde.

Wa ku Joni: Ndi yomweyo! Ma admin anayi onse a banja limodzi, anawasankha ndani? Msonkhano wa pansi pa mtengo sungamuchotse munthu, apa mumangodina.

Wa ku Joni: [voice note 7:42]

Msungichuma: Bandulo yanga siingakwane zimenezo, lembani.

Mlembi: Abale, ana akutunga kudambo panopa. Avota ndi 9 okha.

Mayi a ku Area 25: Mlamu wanga mumubwezere kaye, akavote nawo.